Ndikusala kudya maola 16 patsiku koma sikelo yangoima. Ndikulakwitsa pati?

Mai_aMapasa
Anzanga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi zaka 38, ana atatu, womaliza anasiya kuyamwa chaka chatha. Ntchito yanga ndi ya muofesi kuno ku Lilongwe, yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Mwezi wa Januwale ndinakwera sikelo kuchipatala n'kupeza 91kg, ndipo anamwino anandiuza kuti BP yayamba kukwera. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandiuza za intermittent fasting, yoti umadya mkati mwa maola 8 okha, maola 16 enawo n'kumangomwa madzi. Ndinayamba. M'mawa sindilawa kanthu mpaka 12 koloko, ndipo ikati 8 koloko usiku ndimatseka pakamwa. Masabata atatu oyamba ndinatsika ndi makilo atatu, ndinakondwa mpaka kukauza atelala kuti adikire kaye, asadule chitenje changa. Koma pano yatha miyezi iwiri sikelo yangoima pa 88 ngati minibasi yodikira kudzaza. Cha m'ma 10 koloko mutu umandiwawa, ndipo ana ndikumawazazira pa zinthu zosayenera. Kuwonjezera apo apongozi abwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nafe, ndiye m'mawa akamamwa tiyi okha amandiyang'ana ngati ndawanyanyala. Alipo amene zinamuyendera? Kapena izi sizigwira pa thupi lokulira nsima?

Chimtanda
Funso limodzi lokha amayi. 12 koloko ikakwana mumadya chiyani? Nenani zoona, pano palibe akukudziwani.

Mai_aMapasa
Eee, mwandigwira pakhosi. Masana ndi chips cha pachiwaya ndi nkhuku, kutsitsira ndi Fanta. Cha m'ma 4 koloko tiyi wamkaka ndi mandasi awiri. Usiku nsima mitanda itatu, pena inayi, chifukwa mumtima ndimakhala ndikuti mawa ndi mpaka 12.

Chimtanda
Ndiye mwadziyankha nokha. Kadzutsa simunamusiye, mwangomusamutsa n'kukamuunjika pa mgonero.

MphunzitsiWaSayansi
Mayi a mapasa, makilo atatu oyamba aja musawawerengere kwambiri, mbali yaikulu anali madzi. Ndifotokoze mmene ndimawauzira ana a Fomu 3. Tikadya nsima, mpunga, buledi kapena mbatata, thupi limazisandutsa shuga wa m'magazi. Wina limamugwiritsa ntchito pompo. Wina limamusunga m'chiwindi ndi m'minofu ngati kankhokwe kakang'ono kotchedwa glycogen. Wotsalayo ndiye amasanduka mafuta, nkhokwe yaikulu ija tonse tikuidandaulayi. Tsono kankhokwe kakang'onoko kamasungidwa pamodzi ndi madzi, pafupifupi magalamu atatu a madzi pa galamu iliyonse. Mukangoyamba kusala, thupi limayamba kutapa mmenemo, madzi aja n'kutuluka ndi mkodzo, sikelo n'kugwa msanga. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense amasangalala mwezi woyamba.

Nkhokwe yaikuluyo thupi siliitsegula pokhapokha zolowa pakamwa zichepe kuposa zimene likugwiritsa ntchito. Wotchi payokha sichotsa mafuta. Ntchito yake ndi kukuthandizani kudya zochepa, ndipo ngati simukudya zochepa ndiye kuti mukungovutika ndi mutu waulere.

Anthu anayesa kale zimenezi. Ku Guangzhou, m'dziko la China, anatenga anthu onenepa 139 n'kuwagawa pawiri. Onse anawachepetsera chakudya mofanana, koma gulu lina linauzidwa kuti lizidya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana basi, linalo nthawi imene lafuna. Patatha chaka, otsatira wotchi anatsika ndi makilo 8, enawo 6.3, ndipo ofufuzawo anati kusiyanako n'kochepa moti sungalumbire kuti kwabwera chifukwa cha wotchi. Zinatuluka mu 2022 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Kafukufuku wina, wa yunivesite ya California ku San Francisco mu 2020, ndiye akufanana ndi wanu ndendende: anthu 116, ena mwa iwo kudya kuyambira 12 koloko mpaka 8 koloko usiku, osauzidwa zoti aziika m'mbale. Patatha masabata 12 anali atatsika osakwana kilo imodzi.

MfanaWaJoni
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma nkhaniyi mukuipeputsa. Fasting si ya sikelo yokha. Pali autophagy, thupi limadzitsuka lokha ukakhala osadya, mpaka munthu analandira nayo mphoto ya Nobel. Ine kuno ku Johannesburg ndimadya kamodzi patsiku, 7 koloko usiku basi, chaka chachiwiri tsopano. Shuga, BP, khansa, zonsezo sizingandiyandikire.

MphunzitsiWaSayansi
Mphwanga, za Nobel ndi zoona. Ndi Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, mu 2016. Koma mkuluyo ankafufuza maselo a yisiti, yomweyi tifufumitsira buledi, kuona mmene selo imagayira zakutha za mkati mwake ikasowa chakudya. Mphotoyo sinali yoti munthu akadumpha kadzutsa khansa imathawa. Kuchoka pa yisiti kudzafika pa mayi wa ana atatu wa ku Lilongwe pali mtunda ndithu.

MfanaWaJoni
Koma ine ndikuona zotsatira pathupi langa.

Chimtanda
Uli ndi zaka zingati, ndipo umagwira ntchito yanji?

MfanaWaJoni
26, ndimagwira ya zomangamanga.

Chimtanda
Aise, mnyamata wa zaka 26 wosenza simenti tsiku lonse, ngakhale utamadya kasanu sungatuluke mimba. Usawanamize amayi.

WaKabaza_Lunzu
Koma abale dzikoli lili ndi anthu. Ine ndimayamba kupalasa njinga 5 koloko m'mawa m'mimba mulibe kanthu, kudya ndi madzulo ndikapeza ya ufa, ndipo palibe anandiuzapo kuti zimenezi zili ndi dzina lachizungu. Kwathu timangoti njala. Amayi, bwerani tisinthane sabata imodzi. Inu mutenge njinga, ine nditenge chips ndi Fanta. Tonse tichira.

MwanaWakuChigwa
Achimwene a kabaza anena moseka koma pali ululu. Mu 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Kwathu ku Nsanje anthu amalowa m'madambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, ng'ona zili momwemo, kuti ana agone atalawa kanthu. Ndiye ndikamawerenga kuti wina akuika alamu pafoni yomuletsa kudya, mtima umandiwawa pang'ono. Pepani ngati ndalakwa.

Mai_aMapasa
Simunalakwe achemwali, nanenso ndinakulira kumudzi, mwezi wa Febuluwale ndimaudziwa. Koma BP nayo siyang'ana kumene unachokera. Mayi anga anafa ziwalo mbali imodzi ali ndi zaka 57, ndimawasambitsa ndine. Sindikufuna mapasa anga adzasenze zimenezo.

NamwinoWausiku
Onse awiri mukunena zoona, ndipo mavuto awiriwa amakhala m'nyumba imodzi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pomwe amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyeso. Ku wodi yathu timagoneka mwana wosowa zakudya m'thupi mbali ino, agogo ake a shuga mbali inayo.

Koma chimene ndalowera pano ndi china. Aliyense amene akumwa mankhwala a shuga asayambe zosalazi asanakambe ndi adokotala ake. Makamaka glibenclamide ndi jakisoni wa insulin. Mankhwala amenewa amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Januwale yemweyu, nthawi imene matchalitchi ambiri amasala masiku 21, anatibweretsera bambo wina atakomoka, malaya onse ali nyowe ndi thukuta lozizira. Akuchipembedzo anzake amati wagwidwa ndi mzimu, anayamba kaye amupempherera. Titamuyeza chala, shuga anali pa 38. Anamwa piritsi lake m'mawa monga mwa masiku onse, osadya kanthu mpaka 3 koloko. Tinamupatsa glucose m'mitsempha, mphindi zochepa anadzuka n'kufunsa kuti nsapato zake zili kuti. Akanachedwa naye ola lina, bwenzi tikunena zina.

Shuga akatsika pansi pa 70 pa kamakina koyezera shuga kaja, kapena 3.9 kwa amene kanu kamawerenga mwa njira inayo, siyani kusala nthawi yomweyo. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, mtima kuthamanga, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulankhula zosagwirizana. Supuni zitatu za shuga m'kapu ya madzi ngati munthuyo akutha kumeza, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangani naye.

Enanso osayenera kuyamba okha: amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana ndi achinyamata amene akukulabe, munthu amene ali pa mankhwala a TB, ndi amene ali woonda kale. A BP amene mumamwa kapiritsi kokodzetsa kaja, samalani ndi chizungulire poimirira, makamaka mwezi wa Okutobala.

Che_waNamwera
Ife Asilamu tili ndi mwezi wathunthu chaka chilichonse, ndiye ndiyankhulepo. Ramadhan kuno kwathu timakhala maola oposa 12 osadya, osamwa ngakhale dontho la madzi. Koma funsani aliyense wa kuno kuti ndi angati amatuluka mweziwo ataonda. Ine chaka china ndinafika pa Eid buluku likukana kumanga. Chifukwa chake? Dzuwa likangolowa, pamphasa pamakhala futali, phala la mpunga, samusa, tiyi wa shuga wambiri, kenako nsima, ndiye m'bandakucha kudyanso dakwi tisanayambe kusala. Zimene ukanadya katatu umadya kawiri, n'kuwonjezera za mafuta. Ndiye amayi, vuto lanulo ife tinalidziwa kale. Ndipo poti anamwino atchula za odwala, chipembedzo chathu chomwe chimalola wodwala ndi wapaulendo kumasula n'kudzabweza masikuwo pambuyo. Amene amaumirira ali pa insulin akudzipweteka yekha, sanamutume ndi Mulungu.

MaiWaMvano
Ine chimene chimandinyansa n'choti masiku ano atsikana akumabwera ku mapemphero osala kudya ali ndi tepi yoyezera chiuno m'chikwama. Kusala n'kwa Mulungu, si kwa diresi la ukwati wa mnzako.

Nachiuno_Slim
Nanga mayi, ndikapemphera n'kuondanso ndalakwira ndani? Mbalame ziwiri, mwala umodzi.

MaiWaMvano
Mwana iwe, ukawerenge Mateyu 6 ndime 16 kenako ubwere tikambe.

Woyang'aniraGulu
Amayi ndi achemwali, za chipembedzo zili ndi malo ake. Tibwerere kwa Mai_aMapasa ndi apongozi awo.

DalaivalaWaBeira
Ine zinandiyendera, ndiye ndinene mmene zinakhalira, osati zowerenga. Ndimayendetsa thanki ya mafuta, Beira, Tete, Mwanza, kubwera kuno. Ntchito yathu ndi yokhala, ndipo kudya kwake ndi kwa m'njira: kanyenya, chips, zoziziritsa kukhosi zitatu zinayi patsiku kuti tulo tisakugwire. Ndinafika 106kg, kukwera m'galimoto ndimachita kupuma kaye pa sitepe yachiwiri. Tsiku lina pa boda ndinagwetsa pasipoti pansi, kuti ndiwerame ndiitole maso anachita mdima. Kamnyamata kogulitsa madzi ndi kamene kananditolera, n'kunena kuti "madala, mimbayi ndi ya miyezi ingati?" Ndinaseka nawo koma usiku umenewo sindinagone.

Ndinayamba ndi maola 12 okha, 7 usiku mpaka 7 m'mawa, masabata awiri. Kenako 14. Pa 16 ndinafika patatha mwezi ndi theka. Koma kunena zoona chimene chinagwira ntchito ndi zimene ndinasiya. Mabotolo aja ndinasiyiratu, ndimayenda ndi chigubu cha madzi cha malita asanu. Ndinagula kambaula ka gasi, ndikaima ndimaphika ndekha mgaiwa mitanda iwiri, usipa kapena nyemba, ndi masamba odzaza mbale. Ndikamadikira mapepala pa boda, m'malo mogona pansi pa galimoto ndimayenda kuzungulira mzere wa mathiraki, pena ola lathunthu. Miyezi khumi ndinatsika kufika 92. Panali miyezi iwiri pakati pamene sikelo inaima ngati yanuyo, koma lamba ndimaboola bowo lina. Ndiye gulani tepi ya atelala, muziyeza pamchombo. Chiuno chisapose theka la kutalika kwanu, ndi muyeso wosavuta kukumbukira.

Wotchiyo inandithandiza pa chinthu chimodzi: inandichotsera zodyaidya za usiku. Ikakwana nthawi, nkhani yatha, palibe zokambirana ndi mtima.

MphunzitsiWaSayansi
Adalaivala anena zonse. Ndingowonjezera masamu a botolo. Botolo la 300ml la zoziziritsa kukhosi zambiri limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole masupuni pafupifupi 12 patsiku, ndipo n'kwabwino kwambiri kukhala pansi pa 6. Mayi a mapasa, Fanta ya masana ndi tiyi wa 4 koloko mwadutsa kale 6 uja n'kuyandikira 12, mandasi tisanawawerenge.

TiyiWochotsaMimba
Moni nonse!! Musavutike ndi njala, tiyi wathu wochokera kunja amachotsa makilo 10 pa masiku 14, palibe kusala palibe jimu. Ndilembereni ku inbox, katundu watsala wochepa.

Woyang'aniraGulu
Malonda pano ayi. Ndachotsa nambala, mukabwerezanso mutuluka.

NamwinoWausiku
Zikomo a admin. Matiyi ambiri oterewa ndi mankhwala otsegula m'mimba basi. Munthu amataya madzi kuchimbudzi n'kumati waonda. Ndipo kutsika mothamanga si chinthu chosirira, kumatha kuyambitsa timiyala m'ndulu. Theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata ndi zokwanira.

Ndangodutsamo
Ndatsegula dzina latsopano kuti ndifunse izi. Ndili pa ma ARV zaka 11. Chisinthireni mankhwala mu 2019 kutipatsa piritsi latsopano lija, ndanenepa ndi makilo 14. Poyamba ndinkasangalala, chifukwa amene ankandinena kale anasowa chonena. Pano mawondo akuwawa. Kodi ndingasale nawo? Nanga piritsi ndizimwa nthawi yanji? Komanso kunena zoona ndikuopa kuonda. Anthu a kwathu kuno ukangotsika pang'ono amayamba kunong'onezana pa mjigo.

NamwinoWausiku
Mwachita bwino kufunsa, ndipo simuli nokha. Piritsi limenelo lili ndi dolutegravir, ndipo n'zodziwika kuti anthu ena, makamaka amayi, amanenepa akaliyamba. Limamwedwa kaya mwadya kaya simunadye, ndiye nthawi yomwera musaisunthe chifukwa cha kusala. Chachikulu, musalisiye kapena kudumphitsa masiku pofuna kuonda. Tsiku lokatenga mankhwala mukawauze a kukiliniki za makilo 14 amenewa, akuyezeni shuga ndi BP, ndiye mugwirizane nawo poyambira. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuchotsa zotsekemera ndi kuchepetsa mitanda, za maola 16 zibwere pambuyo ngati zikufunika n'komwe.

DalaivalaWaBeira
Za manong'onong'o ndi zoona achemwali. Ine nditatsika, mlamu wanga anakokera mkazi wanga pambali pa maliro n'kumufunsa ngati tinakayezetsa. Dalaivala wa thiraki akaonda, anthu amakhala ndi yankho kale. Walira mvula walira matope. Ndinangowasiya, pano ndi omwewo akundifunsa kuti ndinatani.

AgogoAkuZomba
Ana inu mudzadwala zilonda za m'mimba ndi zimenezi. M'mimba mopanda kanthu asidi amadya matumbo. Ine ndinavutika nazo zaka zambiri chifukwa chodumphitsa nkhomaliro ndili pa ntchito ya boma.

MphunzitsiWaSayansi
Agogo, pepani ndikutsutseniko pang'ono mwaulemu. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori, kapena ndi mankhwala opha ululu monga brufen, indocid ndi aspirin akamamwedwa pafupipafupi. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndi amene anatulukira za kachilomboka, ndipo Marshall anachita kumwa dala tizilomboto kuti anzake amukhulupirire. Analandira Nobel mu 2005. Pamene mukulondola m'pakuti munthu amene ali nazo kale, ululu umakula m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Woteroyo akalandire kaye mankhwala, ndipo asamamwe brufen wa mutu uja asanadye.

AgogoAkuZomba
Kaya, inu ndi ophunzira. Koma ine phala langa la m'mawa sindisiya.

Chimtanda
Agogo musasiye, inu sikelo yanu ilibe mlandu ndi munthu.

Mlongo_waLeeds
Ndikuwerenga ndili pa break ya usiku. Kuno ku UK ambiri amadziwa ya 5:2, yomwe inatchuka ndi dokotala wa pa BBC uja Michael Mosley kuyambira 2012, amene anamwalira mu 2024 pa chilumba cha Symi ku Greece. Umadya bwinobwino masiku asanu, masiku awiri n'kudya pang'ono kwambiri, makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 500 kapena 600. Ndinaiyesa, inandikanika. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, 8 usiku mpaka 8 m'mawa. Tsiku losala likagwera pa shifiti, 3 koloko usiku manja amanjenjemera, ndiye ukunyamula munthu wamkulu kumuika pa bedi. Ndinaona kuti ndidzagwetsa gogo wa eni ake. Ya 16:8 nayo imasokonekera chifukwa usiku wanga ndi masana. Pano ndimangonyamula chakudya changa kuchokera kunyumba n'kusiya mabisiketi a mu staff room. Pang'onopang'ono zikutsika. Mayi a mapasa, za mutu wa 10 koloko: kale mumamwa tiyi m'mawa? Ngati munasiya mwadzidzidzi, mutuwo ungakhale wa tiyi, osati wa njala. Tiyi wopanda mkaka ndi shuga saswa fasting.

Mai_aMapasa
Ayi ndithu? Ine ndimayesa ndi madzi okha! Ndisanayambe kusala ndinkamwa makapu awiri m'mawa uliwonse chiyambire ndili kusekondale.

Mlongo_waLeeds
Ndiye ndi zimenezo. Fulani Chombe wanu, osathira kanthu, mukhale pansi ndi apongozi. Mwina theka la mlandu wa kunyumba lithera pomwepo.

Bambo_aTadala
Ndilankhuleko ngati mwamuna, poti mbali yathu palibe akuitchula. Akazi anga anayamba zimenezi chaka chatha, iwo anasankha kusiya mgonero. Ndimaweruka 7 koloko, kufika kunyumba nsima ili m'mbale yovundikira pa tebulo, iwo ali kuchipinda akuti akuthawa fungo la ndiwo. Miyezi itatu ndimadya ndekha ngati mlendo wa pa resitihausi. Ana nawo anayamba kudyera pa TV aliyense payekha. Makilo anatsikadi, koma pakhomo panazizira. Kwathu kuno kudya si kukhutitsa mimba kokha. Nkhani za sukulu, za maliro akumudzi, za ngongole, zimakambidwa posamba m'manja. Ndiye musanasankhe chakudya choti mudumphe, onani kaye kuti ndi chiti chimene banja limakumanirapo.

Nachiuno_Slim
Bambo, nanga inu osangoweruka msanga bwanji? Chilichonse azisintha ndi mkazi?

Bambo_aTadala
Mukawauze abwana anga zimenezo, ndikupatsani nambala. Koma tinakambirana, pano amakhala nafe pa tebulo, amadya mtanda umodzi ndi masamba ambiri, ndipo Loweruka timayenda limodzi wapansi. Inenso kamimba kaphwa.

NaMaliro_Ntcheu
Za apongozi ndikuuzeni ine, poti ndi akwathu. Mayi wa ku Ntcheu ukamukanira chakudya osamuuza chifukwa, amaganiza ziwiri: mwina ukumuganizira kuti akuthira mankhwala, kapena mwana wake sakukusamala ndipo ukufuna dziko lidziwe. Musawauze za figa, sangamve. Auzeni kuti kuchipatala anena kuti BP yakwera, ndipo muwakumbutse za mayi anu. Mukatero muona, iwo omwewo ndi amene adzakhale apolisi anu. Komanso apatseni ntchito. Palibe amene amatendera nkhwani kuposa amayi amenewo.

MfanaWaJoni
Koma nonse mukuchita ngati fasting ndi yachabe. Adalaivala atsika makilo 14 ndi chiyani?

DalaivalaWaBeira
Ndi chigubu cha madzi, kambaula ndi miyendo, mphwanga. Wotchi inali kondakitala chabe, woyendetsa anali wina.

MphunzitsiWaSayansi
Sindinati ndi yachabe. Kwa munthu amene kuwerenga makalori kumamutopetsa, lamulo limodzi la nthawi ndi losavuta kusunga, ndipo pa kafukufuku wambiri imatsitsa thupi mofanana ndi njira zinazo. Kungoti siposa. Chimodzi choti musamale nacho nonse: thupi likamatsika, minofu nayo imapita, osati mafuta okha. Ndiye m'maola odyawo musasowe nyemba, mazira, usipa, soya kapena nsinjiro, ndipo thupi lizigwira ntchito yolemetsa, kaya ndi khasu, kaya ndi ndowa.

WaKabaza_Lunzu
Njinga ija ikadalipo amayi, sindinabweze mawu.

Mai_aMapasa
Ndabweranso patatha masabata atatu, ndisakhale ngati odwala amene akachira satsanzika. Ndinachita izi. Maola ndinatsitsa kufika 14, ndimayamba kudya 10 koloko, chifukwa ya 16 ija imandipangitsa kufika pa chiwaya ngati fisi. Fanta ndasiya, kupatula pa chinkhoswe cha Loweruka lapitali pomwe ndinagonja. Nkhomaliro ndikumanyamula kunyumba, mbatata yophika ndi mazira kapena nyemba zotsala. Usiku mitanda iwiri ya mgaiwa, tonse pamodzi. Tiyi wopanda shuga masiku atatu oyamba amawawa ngati mankhwala a malungo, pano ndazolowera, ndipo mutu unasiya. Sikelo ikuti 86.8. Tepi ya atelala ndagula, pamchombo pachoka masentimita awiri. BP ndikayezetsa Lachinayi.

A NaMaliro_Ntcheu, munalosera. Nditawauza za mayi anga apongozi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati bwanji sindinanene kale. Pano ndi iwo akupita kumsika kukasankha bonongwe ndi chisoso, ndipo dzulo analanda mandasi m'manja mwa mwana wawo yemwe, bambo a mapasa, akuti nayenso khosi lamera lina kumbuyo. Vuto latsopano ndi lakuti akuti mgaiwa wa kuchigayo cha kuno ndi wosapera bwino, akufuna titumize galimoto ku Ntcheu ikatenge wawo.

Chimtanda
Tumizani galimotoyo amayi, ndipo pobwera idzere kuno. Thumba limodzi ndi langa la uphungu.

Ndangodutsamo
Inenso ndinapita kukiliniki. Shuga ali bwino, BP ndiye akuti ndibwerenso mwezi wamawa adzaonenso. A Mai_aMapasa, mbatatayo mumaphika usiku kapena m'mawa? Ine ikagona imachita madzi.

Mai_aMapasa
Usiku, koma osasenda, ndipo mukaphula muikhuthule mumphika iume kaye pa lichero. Apongozi ndi amene andiphunzitsa.